Nyanja ndi madamu akuluakulu a dziko lathu: phunziro kwa alimi a nsomba a kwa Nchilamwela



Ife a kuno kwa Nchilamwela tili kutali ndi nyanja. Chimene chatizungulira ndi minda ya tiyi, mitengo ya bulugamu, makademiya ndi nthochi za m'makhwawa. Komabe ndiwo zimene zimatisunga masiku ambiri pa mwezi zimachokera kunyanja: usipa, utaka, matemba, nthawi zina mlamba wowamba. Kwa ife Asilamu nsomba ili ndi ubwino winanso, paja siifuna kufunsa kuti wazinga ndani. Ndiye nsomba zikachepa ku Mangochi kapena ku Kachulu, mtengo umakwera pa msika wa pa Boma, ku Bvumbwe ndi ku Luchenza, ndipo m'mbale za ana athu mumaonekera.

N'chifukwa chake ambiri mwa ife tayamba kukumba maiwe a nsomba m'madimba. Ena akupindula, Alhamdulillah. Ena dziwe limawaphwera mu Okutobala nsomba zisanakule, pamene ena limadzaza matope ikangogwa mvula yoyamba. Phunziro la ulendo uno tiona nyanja zikuluzikulu za dziko lathu, zachilengedwe ndi zopangidwa ndi anthu, kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono. Tikamaliza mndandandawo tiona chifukwa chake kukula kwa pamwamba pa madzi sikutiuza zonse, ndi momwe nzeru imeneyi ingapulumutsire dziwe lathu.

Tigwirizane kaye pa muyeso

Kukula kumene tikunena pano ndi kwa malo amene madzi aphimba, monga momwe timayezera munda. Nyanja amaziyeza m'masikweya kilomita. Sikweya kilomita imodzi ndi malo otalika kilomita imodzi mbali iyi ndi kilomita imodzi mbali inayo. Amenewa ndi mahekitala 100, kapena maekala pafupifupi 247, kapenanso mabwalo a mpira pafupifupi 140 mutawalumikiza.

Kuti manambala asatizunguze mutu, tiziyerekeza ndi kwathu kuno. Boma lonse la Thyolo ndi masikweya kilomita 1,715. Dziko lonse la Malawi ndi masikweya kilomita 118,484, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malo amenewa ndi madzi.

Yoyamba: Nyanja ya Malawi

Iyi ndiye mayi wa zonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 29,600, kutanthauza kuti boma la Thyolo lingalowemo ka 17. Kutalika kwake kumaposa makilomita 560, ndipo pamene yatambasuka kwambiri imafika makilomita pafupifupi 75. Mu Africa ndi yachitatu, pambuyo pa Victoria ndi Tanganyika. Magombe ake ali m'maiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Anzathu a ku Tanzania amaitcha Nyasa, a ku Mozambique amati Niassa.

Chimene chimaisiyanitsa ndi zinzake ndi kuya. Chakumpoto imafika mamita pafupifupi 700 kupita pansi. Tangoganizani, Victoria ndi yotambasuka kuposa kawiri, koma poti kuya kwake sikupitirira mamita pafupifupi 80, madzi a m'Nyanja ya Malawi ndi ochuluka kuposa a mu Victoria pafupifupi katatu.

Kuya kumeneku kuli ndi mbali yake ina. Kupitirira mamita pafupifupi 250 pansi, madzi alibe mpweya umene nsomba zimapuma, choncho kumeneko kulibe nsomba. Nsomba zambiri zimagwidwa kumwera, cha ku Mangochi ndi ku Salima, kumene nyanja ndi yosaya kwambiri. Mphepo ya mwera ikamaomba m'miyezi yozizira imavundula madzi a pansi, n'kukweza chakudya cha tizilombo ndi ndere zimene usipa ndi nsomba zina zimadya.

Mitsinje yambiri imathira m'nyanjayi, monga Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire. Ngakhale zili choncho, madzi ambiri amene nyanjayi imataya pa chaka amauluka ndi dzuwa, opita ndi Shire ndi ochepa. Mvula ikachepa zaka zingapo motsatizana, nyanja imatsika. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka madzi analeka kutuluka bwino kulowa mu Shire. Mu 2024 zinatembenuka, madzi anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi madera ena. Akuluakulu sananame, madzi saiwala khwawa.

M'nyanjayi muli mitundu ya nsomba mazanamazana, yambiri yosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ichi n'chifukwa chake dera la Cape Maclear linakhala malo otetezedwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984.

Yachiwiri: Nyanja ya Chilwa

Chilwa ili pakati pa maboma a Zomba, Phalombe ndi Machinga, ndipo mbali ya kum'mawa yayandikana ndi malire a Mozambique. Ndi yachiwiri kukula, koma nambala yake siikhazikika. Madzi oyera opanda zomera amakhala masikweya kilomita mazana angapo, pafupifupi 700 pa chaka chabwino. Mukaphatikiza madambo a mabango ndi njedza ndi malo amene amasefukira nthawi ya dzinja, dera lonse limapitirira masikweya kilomita 2,000, kuposa boma lathu la Thyolo.

Koma kuya kwake n'kochepa zedi, malo ambiri mamita awiri kapena atatu basi. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Domasi imathiramo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Poti ndi yosaya, dzuwa limafika pansi, madzi amafunda, chakudya cha nsomba chimachuluka. Matemba, makumba ndi mlamba zimaswana kwambiri, moti m'zaka zabwino Chilwa yakhala ikupereka gawo lalikulu ndithu la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Asodzi ena amakhala pa madzi pomwepo m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera.

Kusaya komweko ndiko kumaiphetsa. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma, mabwato n'kutsala pa matope. Anthu a pa chilumba cha Chisi anavutika mayendedwe, ogulitsa matemba anasowa katundu. Nsomba zimene zimabwezeretsa nyanjayi madzi akabwera ndi zimene zimathawira m'maiwe a m'mitsinje yothiramo. Anthu akazipha zonse ndi mankhwala kapena maneti a udzudzu pa nthawi ya chilala, mbewu ya mawa yatha. Kuyambira mu 1997 Chilwa ili pansi pa mgwirizano wa maiko wa Ramsar wosamalira madambo, chifukwa cha nsomba ndi mbalame zake.

Yachitatu: Nyanja ya Malombe

Shire akatuluka m'Nyanja ya Malawi amadutsa pa Mangochi, kenako amatambasuka n'kukhala Nyanja ya Malombe, asanapitirire ulendo wa ku Liwonde. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 400, ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a boma la Thyolo. Nayonso ndi yosaya, mamita ochepa chabe. Zaka zija Nyanja ya Malawi inatsika, Malombe inaphwa mbali yaikulu, anthu n'kumalima pamene lero pakuyenda mabwato.

Ambiri a ife tili ndi abale m'midzi yozungulira Malombe, ndipo akuluakulu akumeneko amasimba za chambo chimene chinkadzaza mabwato. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankagwira chambo matani pafupifupi 8,000 pa chaka m'nyanja yaing'onoyi. Pofika m'zaka za m'ma 1990 anali matani mazana ochepa chabe. Madzi analipo, kukula kwa nyanja kunali komweko. Chinachitika n'chakuti makoka a maso ang'onoang'ono, a kambuzi ndi nkacha, anachuluka. Makoka amenewa amakokolola ana a chambo, amazula zomera za pansi pa madzi, n'kuphwasula zisa zimene chambo chimakonza pa mchenga poswana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndiye kupha mayi mmodzi nthawi yoswana n'kupha nsomba zambirimbiri nthawi imodzi.

Mu 1993 nthambi ya boma yoona za usodzi inayambitsa ku Malombe makomiti a m'madoko, kuti asodzi ndi mafumu azitenga nawo mbali posunga malamulo. Ntchito ikuchitika, koma mpaka lero chambo sichinabwerere mwakale. Madzi akatayika saoleka.

Yachinayi: Nyanja ya Chiuta

Chiuta ili m'boma la Machinga, kumpoto kwa Chilwa, ndipo malire a Malawi ndi Mozambique amadutsa pamenepo. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 200 madzi akadzaza. Chimene chimailekanitsa ndi Chilwa ndi mtunda wa mchenga. Madzi ake akachuluka amapita ku Nyanja ya Amaramba ku Mozambique, kenako mu mtsinje wa Lugenda umene umakathira mu Ruvuma. Poti ili ndi potulukira, madzi ake si amchere ngati a Chilwa.

Chiuta imadziwika ndi chimene asodzi ake anachita chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ataona kuti anthu obwera ndi makoka a nkacha akuvundula madzi ndi kutha nsomba, anagwirizana okha, n'kupanga makomiti, n'kuletsa makokawo pa nyanja yawo. Anasankha kukhalabe ndi miono, mbedza ndi matchera. Yaing'ono pa zinayi zonsezi ndiyo inaonetsa kuti eni malo akagwirizana, lamulo limagwira ntchito.

Pali madzi ena ang'onoang'ono oyenera kuwatchula: Chia ku Nkhotakota, Kazuni ku Vwaza m'malire a Rumphi ndi Mzimba, ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene kumachokera mlamba wambiri umene timagula kuno.

Nyanja zopangidwa ndi anthu m'dziko muno

Apa mndandanda ndi waufupi, ndipo madzi ake ndi aang'ono. Palibe damu ngakhale limodzi m'Malawi muno limene lingayandikire kukula kwa Chiuta. Madamu athu amayezedwa m'mahekitala.

Odziwika kwambiri ndi awiri a pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde: Kamuzu Dam yoyamba ya mu 1966 ndi Kamuzu Dam yachiwiri ya mu 1989. Onse awiri anawakwezapo khoma pambuyo pake kuti azisunga madzi ambiri, chifukwa mzinda wa Lilongwe ukukula. Ena ndi Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, Mudi ku Blantyre, Lunyangwa ku Mzuzu, Chitete ku Kasungu, Mpira ku Ntcheu, ndi Bwanje limene linamangidwira ulimi wothirira. Ambiri mwa amenewa ntchito yawo ndi madzi akumwa a m'mipopi.

Nanga n'chifukwa chiyani dziko limene magetsi ake ambiri amachokera ku madzi lilibe damu lalikulu? Yankho ndi lakuti nkhokwe yathu ndi Nyanja ya Malawi yomwe. Ku Liwonde kuli Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965, imene ili ndi zitseko zotsekula ndi kutseka kuti madzi a mu Shire aziyenda mwa muyeso. Malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira amangogwiritsa ntchito madzi oyendawo pa mathithi, ndi timadamu tating'ono. Tiwerengere limodzi: nyanja ya masikweya kilomita 29,600 ikakwera ndi sentimita imodzi yokha, madzi owonjezerekawo ndi makiyubiki mita pafupifupi 296 miliyoni. Kamuzu Dam yachiwiri ikadzaza imasunga pafupifupi 20 miliyoni. Eti sentimita imodzi ya nyanja ikuposa damu lonse maulendo oposa khumi.

Mdani wamkulu wa madamu athu ndi dothi lokokoloka. Damu la Mudi lakhala likukwiririka chifukwa mitengo ya m'phiri la Ndirande inatha ndipo anthu analima m'mbali mwake. Ku Nkula amachita kuchotsa matope ndi makina, komanso kulimbana ndi namasupuni ndi zinyalala zimene Shire amabweretsa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko n'kukhala pa mavuto a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Damu likamakwiririka, pamwamba limaoneka lodzaza bwinobwino pamene pansi ndi matope okhaokha. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Madamu akuluakulu a anansi athu

Kuti tione nyanja yeniyeni yopangidwa ndi anthu, tiyenera kupita pa mtsinje wa Zambezi, umene Shire wathu amakathiramo. Kariba, pa malire a Zambia ndi Zimbabwe, inamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, ndipo anthu a ku Nyasaland anali m'gulu la amene anagwira ntchitoyo. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 5,400, kuposa boma la Thyolo katatu. Potengera kuchuluka kwa madzi osungidwa, ndilo damu lalikulu pa dziko lonse lapansi. Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, inatsekedwa mu 1974 ndipo ndi masikweya kilomita pafupifupi 2,700. Lotambasuka kuposa onsewa ndi Volta ku Ghana, masikweya kilomita pafupifupi 8,500.

Madamu amenewa anabweretsa magetsi ndi nsomba. Kapenta amene amagulitsidwa ku Lusaka ndi ku Tete anachita kumutenga ku Nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kumuika mu Kariba, kenako anatsikira yekha ku Cahora Bassa. Koma mtengo wake unali wowawa. Anthu a mtundu wa Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa pomanga Kariba, minda yawo ya m'mbali mwa mtsinje ndi manda a makolo awo zinamira. Ife a ku Thyolo nkhani ya kusowa malo olima sitichita kuuzidwa, ndiye tikhoza kumvetsa. Komanso chilala cha 2024 chinatsitsa Kariba mpaka anthu a ku Zambia ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi, chikhalirecho damulo ndi lalikulu chotere.

Zimene mndandandawu ukutiphunzitsa

Tikaika nyanjazi pamodzi, tikuona kuti nambala ya kukula kwa pamwamba ndi poyambira chabe. Chilwa ndi yaikulu kuposa Malombe ndi Chiuta, koma ndiyo imene imatchuka ndi kuphwa. Madzi osaya amabereka nsomba zambiri, komanso amatha msanga. Madzi akuya amakhalitsa, koma pansi pake sipapindulitsa. Malombe ikutionetsa kuti madzi akhoza kukhalapo koma nsomba n'kutha. Mudi ikutionetsa kuti moyo wa damu uli kumtunda kumene madzi amachokera.

Palinso chitsanzo cha chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pa chilumbachi nthawi ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mowa ndi njuga n'zoletsedwa kumeneko. Mpaka lero utaka wa ku Mbenji umatchuka ndi kukula kwake. Nalo boma limaletsa makoka kumwera kwa Nyanja ya Malawi mu Novembala ndi Disembala, pamene chambo chikuswana. Ife ogula tili ndi mbali yathu: tikamakana kugula tiana ta chambo pa msika, wogwira naye adzaleka kutigwira.

Tibwerere ku dziwe lathu

Madzi a kuno kwathu sapita ku Nyanja ya Malawi kapena ku Malombe ayi. Timitsinje tathu timathira mu Nswadzi, Thuchila ndi ina yotero, imene imakafika mu Ruo ndi mu Shire chakumunsi. Choncho dothi likakokoloka m'minda yathu yotsetsereka, loyamba kukwiririka ndi dziwe lathu lomwe ndi madimba a anzathu a kumunsi. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 kuno ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe akudziwa mphamvu ya madzi otsika m'phiri lopanda mitengo.

Choyamba ndi kuya kwa dziwe. Tiyerekeze maiwe awiri. La bambo wina ndi lalikulu, mamita 20 mbali zonse, kukula kwake masikweya mita 400, koma kuya kwake theka la mita. La mayi wina ndi mamita 20 kwa 10, masikweya mita 200, koma kuya kwake mita imodzi ndi masentimita 20. Wodutsa pa njira adzayamikira la bambo uja. Koma tikawerenga, la bambo lili ndi malita 200,000, la mayi lili ndi malita 240,000. Tinene kuti m'chilimwe dzuwa likutenga mamilimita 5 pa tsiku. La bambo likutaya malita 2,000 tsiku lililonse, zidebe 100 za malita 20, pamene la mayi likutaya theka lake. Pakatha masiku 60 opanda madzi olowa, onse atsika ndi masentimita 30. Mayi atsala ndi masentimita 90, nsomba zili bwinobwino. Bambo atsala ndi masentimita 20, madzi otentha, mbalame ndi ng'azi zikungotola. Dziwe la bambo uja ndi Chilwa yaing'ono.

Tisapitirirenso muyeso n'kukumba chitsime. Kumbukirani pansi pa Nyanja ya Malawi popanda mpweya. Dziwe labwino limayamba ndi masentimita pafupifupi 80 kumene madzi amalowera, n'kumatsetsereka mpaka mita imodzi ndi theka kumene amatulukira. Mbali yakuyayo imathandizanso nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julaye, chifukwa nsomba zimathawirako kukazizira. M'miyezi imeneyo nsomba sizidya kwambiri ndipo zimakula pang'onopang'ono, choncho chepetsani chakudya kuti chisaolere m'madzi. Nthawi yabwino yoika mbewu ndi pamene kwayamba kufunda, bola madzi akhale odalirika.

Chachiwiri ndi polowera ndi potulukira madzi. Musakumbe dziwe pakati pa khwawa penipeni, madzi osefukira adzalitenga. Kumbani pambali, mubweretse madzi ndi ngalande imene mungathe kutseka. Madzi asanalowe m'dziwe adutse kaye m'kadzenje kokhazikitsa matope, kamene muzikachotsa dothi kawirikawiri. Pa paipi yolowera ikani sefa kuti nsomba zam'tchire ndi achule asalowe, ndipo pakhale paipi ina yotulutsa madzi akachuluka kuti asadumphe khoma. Pomanga khoma, tsinderani dothi pang'onopang'ono, mubzalepo udzu. Dothi la makande kapena katondo wogwirana limasunga madzi, lamchenga limadontha.

Chachitatu ndi kumtunda kwa dziwe. Mizere ya m'munda itsate akalozera, vetiva abzalidwe m'mizere yodula mtsetse, ndipo m'mbali mwa mtsinje musiye malo osalima, okhala ndi nsungwi, udzu ndi mitengo yachilengedwe. Bulugamu asakhale pafupi ndi kasupe, amamwa madzi kwambiri. Iyi si ntchito ya munthu mmodzi, poti munda wa kumtunda nthawi zambiri ndi wa mnzako. Pitani nayo nkhaniyi kwa a mfumu ndi ku kalabu, monga anachitira a ku Chiuta. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi ndi nsomba zenizenizo. Zimene zimachita bwino m'maiwe a kuno ndi makumba, chilunguni ndi mlamba. Ikani nsomba zitatu pa sikweya mita iliyonse, ndiye kuti dziwe la masikweya mita 200 likufuna ana a nsomba 600. Mukathithikiza zambiri zimapinimbira. Thirani manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe mpaka madzi aoneke obiriwira. Poyesa, lowetsani mkono: chikhatho chikasiya kuoneka madzi atafika cha pa chigongono, zili bwino. Chikasowa msanga madzi ali pa dzanja pomwe, lekani kaye manyowa, muonjezere madzi atsopano. Madeya a chimanga ndi masamba ofewa ndi chakudya chopezeka, ndipo chilunguni chimakonda masamba kwambiri. Pokolola, gwiritsani ntchito khoka la maso aakulu, musiye zazing'ono ndi makolo abwino. Tisachite pa dziwe lathu zimene zinachitika ku Malombe.

Mbewu ya nsomba tengani kwa alimi odziwika kapena kudzera kwa alangizi a za nsomba a pa Boma. Ku Domasi m'boma la Zomba kuli malo a boma ofufuzira ndi kuswetsa nsomba za m'maiwe. Musalandire nsomba zachilendo zochokera kunja kwa dziko, malamulo a usodzi salola kubweretsa mitundu yachilendo popanda chilolezo. Dziwe likasefukira nsombazo zimalowa m'mitsinje, ndipo sizibwezeka. Amene akufuna kutchinga mtsinje kuti apange damu la gulu afunse kaye alangizi za chilolezo chogwiritsa ntchito madzi, ndipo akambirane ndi anthu a kumunsi amene amamwa ndi kuthirira madzi omwewo.

Chomaliza ndi chitetezo. Madamu a m'maesiteti a tiyi ali ndi eni ake ndipo ena ndi akuya kuposa momwe amaonekera. Tiwalangize ana athu kuti asamakasambe kapena kuwedza kumeneko popanda chilolezo. Dziwe la pafupi ndi nyumba litchingidwe ndi mpanda chifukwa cha ana aang'ono ndi akatumbu. Lambulani udzu wa m'mbali mwa madzi kuti nkhono zofalitsa likodzo zisachuluke, ndipo mwana akamakodza magazi mupite naye kuchipatala msanga.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. Tchulani nyanja zinayi zachilengedwe za dziko lathu kuyambira yaikulu. Ndi iti imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo zimenezi zimachititsa chiyani?

2. Chambo chinatha bwanji ku Malombe madzi ali chikhalire? Ndi zinthu ziti zofanana ndi zimenezo zimene zimachitika m'mitsinje ya kwathu kuno?

3. Aliyense ayeze dziwe lake ndi ndodo malo atatu: polowera madzi, pakati ndi potulukira. Kodi kuya kwake kukufanana ndi tsiku limene munakumba? Ngati kwachepa, dothilo lachokera m'munda wa ndani, ndipo mukambirana naye bwanji mwamtendere?

4. Werengani malita a madzi a m'dziwe lanu: kutalika kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsanso ndi kuya, zonse m'mamita, kenako kuchulukitsa ndi 1,000. Madzi olowa atasiya lero, mungafike nawo mwezi uti?

Mubwere ndi manambala anu pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu, olembedwa pa pepala, kuti tidzathandizane kuona maiwe ofunika kuchotsa matope mvula isanayambe. In shaa Allah, phunziro lotsatira tidzakambirana za kaumitsidwe ndi kawambidwe ka nsomba kuti zisaonongeke tisanafike nazo pa msika.